Makoyilo akupsa nditaika 20V mu KE70 ya mpikisano

Yamikani KE70

Akuluakulu, ndabwera ndi vuto lomwe landisowetsa tulo sabata yonse ino. Galimoto yanga ya mpikisano ndi Corolla KE70. Kwa zaka zitatu yakhala ikuyendera 4A-GE ya mavalavu 16, koma mwezi watha ndinaitsitsa n'kuikamo 4A-GE ya mavalavu 20, blacktop. Monga mukudziwa, injini imeneyi anaipangira galimoto zokokera kutsogolo, ndiye ukaiika chotalika m'galimoto yokankhira kumbuyo, distributor imakagunda chitsulo cholekanitsa injini ndi mkati mwa galimoto. Sindinafune kumenya chitsulocho ndi hamala. Distributor ndinaichotseratu, pabowo pake n'kutsekapo. Pa crank ndinamangapo gudumu la mano 36-1 (la mano 36, limodzi lochotsedwa) ndi sensa yake yowerenga kuzungulira kwa injini, makoyilo n'kutenga anayi a injini ya Toyota ya 1NZ, aja okhala pamutu pa pulagi. ECU, kompyuta yolamulira injini, ndi yochuna pa laputopu, yomweyo imene inali pa injini yakale.

Injini inalira ndithu, koma ukangoponda pang'ono imakana, imagogoda, kenaka n'kuzima. Sizinathe mphindi khumi, koyilo ya silinda 1 inatupa mpaka pulasitiki n'kung'ambika. Ndinaika ina. Dzulo ndinasiya kiyi ali pa on ndikuona pampu ya mafuta, injini isakulira n'komwe, ndinangomva fungo la kupsa. Ya silinda 4 nayo yapita, ndipo zinazo zinali zotentha zosagwirika. Kodi makoyilo a 1NZ sagwirizana ndi 20V? Nditenge ati?

Kondwani SR20

Achimwene, musataye nthawi ndi makoyilo ang'onoang'onowo. Tengani a R35 GT-R, aja a Hitachi a mawaya atatu. Ine ndili nawo pa injini ya Nissan ya SR20DET ya turbo chaka chachiwiri tsopano, sindinatsegulepo. Apo ayi, a injini za LS za ku GM. Moto wake ndi waukulu, mudzaiwala nkhaniyi.

Bambo Magetsi

A Kondwani, taimani kaye. Mnyamatayu akagula a R35 lero n'kuwalumikiza mmene zinthu zililimu, mawa abwera kudzatiuza kuti nawonso apsa. Koyilo yopsa injini isakulira si koyilo yochepa mphamvu. Ndi koyilo yomwe ikulandira lamulo loti "dzaza magetsi" popanda lina loti "tsopano tulutsa". Ndipo koyilo sidziwa kuti yakhala pa 1NZ, pa 20V kapena pa injini ya thirakitala. Chomwe imadziwa ndi chinthu chimene chikuilamula.

A Yamikani, musagule kanthu. Ndiyankheni mafunso awiri. Pa injini yakale ija, waya wochoka ku ECU unkapita kuti: ku igniter, kabokosi kotsegula ndi kutseka magetsi a koyilo, kapena ku chinthu china? Lachiwiri, zulani mapulagi a mawaya pa makoyilo onse anayi, tembenuzani kiyi pa on osaliza, muyeze ndi mita pakati pa waya wa siginolo ndi earth. Mundiuze nambala yomwe muone.

Yamikani KE70

Zikomo bambo. Pa injini yakale panalibe igniter ya Toyota. Mwini wake woyamba anaikapo bokosi la CDI, lokulitsa moto wa pa pulagi, ndi koyilo imodzi yaikulu, ECU n'kumalamula bokosilo kudzera pa waya woyera. Bokosilo ndinalichotsa. Kuyeza ndiyeza madzulo ndikaweruka.

Chisomo T.

Musanapite patali, achimwene, mwalumikiza bwanji mawaya anayi a koyiloyo? Makoyilo a Denso amenewa ali ndi wa magetsi a 12V, wa earth, wa IGT ndi wa IGF. IGT ndiye lamulo lochoka ku ECU. IGF ndi yankho lobwerera, koyilo kuuza ECU ya Toyota kuti moto watulukadi. Awiriwa ali pakati, moyandikana, ndipo ndaonapo anthu akuwasinthanitsa. Pa ECU yochunayo IGF sifunika, mungoisiya yosalumikiza, muikulunge bwino.

Kwa amene akusintha injini koma akusunga ECU ya Toyota, nkhani ndi ina. ECU imeneyo ikapanda kumva IGF kangapo motsatizana imadula mafuta, injini imalira masekondi awiri n'kuzima, munthu n'kumasaka pampu ya mafuta tsiku lonse. Pa galimoto zakale zija nyali ya pa dashboard imaphethira code 14.

Yamikani KE70

Achemwali, IGF ndinaisiya padera monga mukunenera. Ndaonanso kawiri ndi chithunzi cha mawaya, IGT ili pamalo pake.

Bambo Magetsi, ndayeza. Kiyi ali pa on, injini isakulira, waya wa siginolo ukuonetsa 4.9V pa makoyilo onse anayi. Sikutsika.

Bambo Magetsi

Ndi chimenecho, mphwanga. Pamenepo pamayenera kuoneka 0V.

Ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri amagwa pomwepa akasintha injini. Makoyilo alipo a mitundu iwiri. Ena ndi mawaya okhaokha okulungidwa pa chitsulo, alibe nzeru m'kati, ndipo amafuna igniter yapadera yoti izitsegula ndi kutseka magetsi aakulu. Ena, monga a 1NZ anuwo, igniter ili m'kati mwawo momwemo. Amangodikira kasiginolo ka 5V. Siginolo ikakwera kufika pa 5V koyilo imayamba kudzaza, ikagwa kubwerera pa 0V moto umatuluka pa pulagi. Moto uli pa kugwa, osati pa kukwera.

Bokosi la CDI lija, polilamula ndi waya woyera, limatsanzira mapointi a kale a mu distributor. Ilo limatulutsa moto siginolo ikakwera. Ndiye amene anachuna ECU yanu anaitembenuza kuti igwirizane ndi bokosilo, ndipo anachita bwino pa nthawiyo. Inu mwachotsa bokosi, koma ECU ikuyankhulabe chiyankhulo cha bokosi. Ikapuma imakhala pa 5V, koyilo n'kumamva kuti "dzaza, dzazabe", mpaka kupsa.

Kukana kukwera kuja kukuchokeranso pomwepo. Pamene ECU ikuganiza kuti ikuyamba kudzaza koyilo ndi pamene koyilo yanu ikutulutsa moto. Moto ukubwera msanga ndi nthawi yonse ya dwell, ndiye kuti nthawi yomwe ECU imapatsa koyilo kuti idzaze. Pa 1000 rpm crank imayenda madigiri 6 pa millisecond imodzi. Pa 3000 rpm ndi madigiri 18. Ngati dwell yanu ili pa 4ms, pa idle timing yapitirira ndi madigiri 24, pa 3000 yapitirira ndi 72. Kugogoda munamva kuja ndi pisitoni ikukwera moto utayaka kale pamwamba pake. Mwachita mwayi kuti injini inkazima m'malo mokakamira.

Lowani m'pulogalamu ya ECU mutembenuze spark output. Mawu olembedwa pamenepo musawakhulupirire: zomwe ECU ina imatcha going high, ina imatcha going low, chikhalirecho akunena chinthu chimodzi. Khulupirirani mita. Sinthani, zimitsani kiyi, yatsaninso, yezani makoyilo ali chizulire. Mukaona 0V, pamenepo ndiye lumikizani.

Kondwani SR20

Apo ndavomera bambo, ndinafulumira. Koma ndinenebe kuti pa injini yokwera mpaka 8000, kodi makoyilo a galimoto ya 1.5 yopitira kuntchito angakwanitse? Ine ndikanakhala ine ndikanapitabe ku akuluakulu aja vutoli likatha.

Bambo Magetsi

Akwanitsa bwinobwino. Chomwe chimavutitsa moto kudumpha pa pulagi ndi kupanikizika kwa mpweya m'silinda. Inu muli ndi turbo, mpweya wanu ndi wothinana kwambiri, n'chifukwa chake mumafuna koyilo yamphamvu ndiponso kuchepetsa gap kufika cha ku 0.7mm. Blacktop ya a Yamikani ilibe turbo. Ndipo taonani nthawi. Pa 8000 rpm crank imazungulira kamodzi pa 7.5ms. Koyilo imodzi ya distributor pa masilinda anayi imatulutsa moto kawiri pa kuzungulira kumodzi, ndiye imangokhala ndi 3.75ms kuti idzaze, itulutse, iyambirenso. N'chifukwa chake anthu ankathamangira CDI masiku amenewo. Koyilo ya pa pulagi, ngakhale pa wasted spark, pomwe makoyilo awiri amatulutsa moto pamodzi, ili ndi 7.5ms yonse. Ikakhala sequential, iliyonse kutulutsa payokha pa nthawi yake, ili ndi 15ms. Nthawi ndi yambiri.

Za a LS zija ndiwonjezepo chimodzi. Aja a D585 okhala ndi kachitsulo koziziritsira kumbuyo ndi abwino, koma ukawapatsa dwell yopitirira amadziteteza potulutsa moto okha ECU isanalamule. Pa turbo yanu imeneyo moto wobwera msanga chonchi umaboola pisitoni. Koyilo iliyonse ili ndi dwell yake.

Tadala

Pepani kulowerera nkhani ya eni. Ine ndili ndi injini ya Nissan ya RB25DET yomwe ndikufuna kuika mu galimoto yomwe munali RB25DET ina yakale. Makoyilo akuoneka ofanana, mapulagi a mawaya akulowa. Ndingolumikiza?

Kondwani SR20

Ayi achimwene, onani kaye kuti ndi series iti. RB25DET ya series 1 ili ndi igniter yapadera, kabokosi kokhala pamwamba pa injini cha kumbuyo. Ya series 2 igniter inalowa m'makoyilo. Zonse ndi za mawaya atatu, n'chifukwa chake anthu amanamizika. Pa SR20DET n'chimodzimodzi: S13 ndi S14 igniter ili panja, S15 ili m'kati. Mukaika makoyilo a series 2 pa mawaya a series 1, igniter ziwiri zikhala motsatizana, ndipo sizigwira. Mukaika a series 1 popanda kabokosi kaja, ECU siyingathe kuwakoka, moto sutuluka. Ndinataya masiku atatu pa zomwezi nthawi yomwe ndinkasintha yanga.

Tadala

Zikomo kwambiri. Kabokosi kaja kalipodi pa yakale, pa yatsopano palibe. Ndiyamba ndasaka mawaya ake a injini yatsopanoyo.

Yamikani KE70

Akuluakulu, yalira! Ndatembenuza, mita yaonetsa 0V, ndalumikiza makoyilo awiri otsala ndi awiri atsopano. Idle yakhazikika, ndaponda yakwera bwino mpaka 5000 ili chiimire. Ndagwira makoyilo itatha mphindi 15, ndi ofunda chabe. Bambo Magetsi, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji.

Ndapezanso kuti dwell inali pa 6ms paliponse, yosasintha. Ndiike zingati?

Bambo Magetsi

Ndakondwera kumva. Bokosi la CDI silisamala za dwell, n'chifukwa chake nambala imeneyo inangosiyidwa. Kwa makoyilo anuwa 6 yachuluka kwambiri. Ine ndimayambira pa 2.5ms batire likakhala pa 14V, ndipo sindifulumira kukweza. Koyilo ili ngati ndowa: ikadzaza, zothira pamwamba sizionjezera moto, zimangosanduka kutentha. Inu muli pa wasted spark popeza mulibe sensa ya cam, 1 ndi 4 akutulutsa pamodzi, 2 ndi 3 pamodzi, ndiye koyilo iliyonse ikugwira ntchito kawiri kuposa mmene inkagwirira pa 1NZ. Chifukwa china chosapitirizira dwell.

Musaike nambala imodzi paliponse. M'pulogalamumo muli tebulo la dwell molingana ndi mphamvu ya batire. Poliza injini batire limagwa mpaka 10V kapena kutsikirapo, koyilo imachedwa kudzaza, ndiye pamenepo dwell italike. Pa 14V ifupike.

Chinthu china musanapite pa msewu wa mpikisano. Khomani timing pa madigiri 10 mu ECU, muone ndi timing light ngati pa pulley pakuonekanso 10. Popeza mulibe mawaya a pulagi, zulani koyilo ya silinda 1, muike kawaya kakale ka pulagi pakati pa koyilo ndi pulagi, timing light muipanitse pamenepo. Muone pa idle, kenaka mukweze mpaka 4000 kapena 5000. Chizindikiro chiime pa 10 pomwepo. Chikamasuntha injini ikamakwera, mawaya awiri a sensa ya crank mwawatembenuza kapena ECU ikuwerenga mbali yolakwika ya dzino. Ndipo koyilo musaiyese ili m'malere popanda pulagi yokhudza chitsulo. Moto ukasowa kopita umadya koyiloyo m'kati.

Mayi Nasibeko

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndimayang'anira galimoto ya mwana wanga, ndipo ndili ndi funso kwa a Yamikani lomwe palibe wafunsa. Magetsi a 12V a makoyilo anayiwo mwawatenga kuti? Ngati mwalumikiza pa waya wakale wa koyilo imodzi ija, muyeze pamenepo injini ikulira. Galimoto za zaka zimenezo zambiri zinkadutsitsa magetsi a koyilo mu ballast resistor, kuti koyilo ya pafupifupi 1.5 ohm isatenthe. Resistor imeneyo ikatsala m'njira, makoyilo anu azilandira 9V kapena kucheperapo, ndipo kumtunda kuzidukiza. Kokani waya watsopano wokhuthala kudzera pa relay ndi fyuzi yakeyake.

Komanso, mwanawe, relay imeneyo idutse pa switch yaikulu yozimitsira galimoto yonse. Ife tinakanidwa pa kuyendera galimoto mpikisano usanayambe chifukwa cha zomwezi. Woyendera anatembenuza switch yofiira ija injini ikulira, injini osazima, chifukwa alternator inkadyetsabe makoyilo batire litadulidwa kale. Ma switch a mpikisano aja a mapini asanu ndi limodzi ali ndi mapini awiri odulira ignition, ndi ena awiri a resistor yotetezera alternator. Mukasintha njira ya magetsi a makoyilo, mapini amenewo muwakumbukire.

Yamikani KE70

Mayi, mwandigwira pomwepo. Ndinatenga pa waya wakale. Resistor palibe, inachotsedwa kale, koma wayawo ndi wowonda ndipo switch yofiira sindinaiyese chiikireni injini. Ndayesa tsopano lino: injini yapitiriza kulira. Ndikonza mawa.

Timing ndayang'ana monga bambo ananenera, yaima pa 10 mpaka 5000. Dwell ndaika 2.5.

Chinanso, tachometer ya pa dashboard yafa. Pa laputopu rpm ikuoneka bwino.

Chisomo T.

Imeneyo sinafe, yangosowa chakudya. Tachometer zakale zimawerenga kugunda kwa magetsi okwera pa negative ya koyilo, kapena pa waya wa tach wa bokosi la CDI, ndipo zonsezo mwachotsa. Tengani tach output ya ECU, muiuze kuti izitulutsa kawiri pa kuzungulira kumodzi kwa crank, monga injini ya masilinda anayi imachitira. Singano ikapanda kusuntha ndiye kuti ikufuna kugunda kwamphamvu, pamafunika adapter. Chonde musakhudzitse tachometer pa waya wa IGT. Mungafooketse siginolo ya koyilo, komanso pa wasted spark iwerenga theka lokha.

Yamikani KE70

Ndabweranso. Relay ndaika, switch yofiira tsopano ikuzimitsa injini nthawi yomweyo, tachometer yadzuka ndi adapter. Lero tinapita kukayesa. Mpaka 6500 ikukoka mokoma kwambiri. Ikafika cha pa 6800 ikumisa, ngati wina wazimitsa kiyi n'kuyatsanso msangamsanga, singano ya tachometer n'kugwa pansi kenaka n'kudzuka. Sizichitika nthawi zonse. A Kondwani, mwina munkanena zoona kuti makoyilowa achepa?

Kondwani SR20

Ndikanakonda nditavomera, koma ayi. Koyilo ikachepa mphamvu injini imadukiza koma tachometer siigwa pansi. Singano kugwa ndiye kuti ECU yataya chiwerengero cha mano a crank. Onani log, pali malo owerengera sync loss. Ikamakwera pa nthawi yomwe ikumisayo, vuto ndi phokoso la magetsi kapena mpata wa sensa.

Bambo Magetsi

A Kondwani alondola. A Yamikani, tiuzeni zinthu zitatu: nambala yolembedwa pa mapulagi, pomwe mwamanga earth ya makoyilo, ndi njira yomwe waya wa sensa ya crank wadutsa.

Yamikani KE70

Sync loss ikukweradi, inafika 14 pa maulendo atatu. Mapulagi ndi aja a mpikisano omwe anali pa injini yakale, pa nambala yake palibe R. Earth ya makoyilo onse ndinaiphatikiza n'kuipititsa ku waya wa earth wa masensa a ECU, ndinkaona ngati ndiye poyera. Waya wa sensa ya crank ndi wa shield, koma ndinaumanga mtolo umodzi ndi mawaya a makoyilo kuti pazioneka bwino.

Bambo Magetsi

Zitatu zonsezo zisinthe.

Mapulagi opanda resistor amamwaza phokoso lalikulu nthawi iliyonse moto ukadumpha. Pa carburetor ndi distributor palibe amene ankadandaula, koma ECU ndi sensa ya crank zimamva. Pa NGK chilembo R ndicho chimasonyeza resistor, monga BKR7E. Pogula muonenso kutalika. A BKR ndi a muyezo wa ISO, a BCPR ndi a JIS, ndipo a JIS ndi otalikirapo ndi 2.5mm kuchoka pokhalira kufika kumutu. Pa waya wa pulagi kusiyana kumeneko sikuoneka, koma koyilo yomangidwa ndi bawuti imakuona. Pulagi ikafupika, kasipuling'i ka m'kati mwa koyilo sikakhudza bwino, moto umadumpha m'kati mwa labala n'kusiya kamzere kakuda pa choyera cha pulagi. Ikatalika, koyilo imakhala m'mwamba, mukamanga bawuti mumaipinda. Ikani pulagi, kankhani koyilo ndi dzanja musanamange, mumve ngati yakhala.

Earth ya makoyilo ipite pa cylinder head, pa bawuti yolowa m'chitsulo chenicheni, mutapala utoto ndi dzimbiri. Osati pa chivundikiro cha mavalavu, chifukwa chimakhala pa gasket ya labala. Koyilo iliyonse ikamadzaza imakoka ma amp angapo mwadzidzidzi, ndipo moto ukadumpha pa pulagi magetsiwo amafuna njira yaifupi yobwerera kuchoka ku head. Inu mwawapatsa njira yodutsa m'masensa. Sensa ya crank, ya kutentha, ya throttle, zonse zikugwedezeka limodzi ndi makoyilo. Muikenso capacitor pa waya wa 12V pafupi ndi makoyilo, mwendo wina pa head. Toyota amaika yotere pa injini zawo, mukhoza kuchotsa pa mawaya a 1NZ pomwe munatenga makoyilo.

Waya wa sensa ya crank uchoke mu mtolo umenewo, udutse mbali ina ya injini, kutali ndi makoyilo ndi alternator. Shield yake ilumikizidwe ku earth mbali imodzi yokha, ya ku ECU. Muyezenso mpata wa sensa ndi mano pa malo anayi a gudumu, chifukwa gudumu lomangidwa mopendama pang'ono limaoneka bwino pa idle n'kudzavuta kumtunda.

Mayi Nasibeko

Muonenso chogwirizira sensacho. Chathu choyamba chinali cha chitsulo chopyapyala, pa 7000 chinkanjenjemera ngati tsamba. Tinachiona titajambula vidiyo pa foni injini ikukwera. Tinapanga china cha 5mm chokhala ndi mabawuti awiri, sync loss inatha.

Tadala

Ine mawaya a series 2 aja ndawapeza, injini yalira dzulo usiku. Ndimati ndikudziwitseni a Kondwani.

Yamikani KE70

Akuluakulu, lipoti la lero. Ndaika BKR7E, makoyilo akhala bwino osapinda. Earth ili pa head, capacitor ndaika, waya wa sensa ndaudutsitsa mbali ya intake wokhawokha. Mpata wa sensa unali 0.8mm mbali ina, 1.3mm mbali ina, ndiye gudumu ndalimasula n'kulikhazikanso, tsopano kusiyana kwake sikukufika 0.1mm. Chogwirizira ndachisiya kaye, Mayi, koma chitsulo cha 5mm ndadula kale, ndiwotcherera Loweruka.

Tazungulira maulendo 12. Yakwera mpaka 8000 pa giya yachitatu ndi yachinayi, sync loss ili pa 0. Nditangoima ndinatsegula boneti n'kugwira makoyilo onse anayi, kutentha kwake n'kofanana ndi chivundikiro chomwe akhalapo.

Bambo Magetsi, tsopano ndikuganiza zoika sensa ya cam pabowo la distributor lija kuti ndipite ku sequential. ECU ili ndi ma output anayi a ignition, awiri akungokhala. Sensa ya Hall ingakwane pamenepo osagunda chitsulo cha kumbuyo chija?

Bambo Magetsi

Ikwana mukaiika cham'mbali osati kumbuyo. Dzino limodzi pa cam ndi lokwanira, bola lisadutse pa sensa nthawi imodzi ndi mpata wa gudumu la 36-1. Yezani mpata womwe watsala pakati pa head ndi chitsulocho, mujambule chithunzi muike pano, tione pomwe bawuti ingagwire.